Laputopu ya Amayi ndi Pulasitiki ya Mchere

Kabwata,
Lusaka.
Ogasiti, 2019.

Okondedwa alongo anga, bambo a Peggy,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Katete, inu, alamu anga ndi ana. Nanga amayi akudzuka bwanji masiku ano? Mwendo uja unkatupa unaphwa? Pa foni amangoti ali bwino, koma mukuwadziwa amayi, ngakhale atagona pamphasa osatha kutembenuka adzanenabe kuti ali bwino. Zoona zake mundiuze ndinu.

Ife kuno tilipo. Alamu anu ba Katongo akugwirabe ntchito kunyumba yosungiramo katundu ija ya ku Heavy Industrial Area. Amabwera ali mbuu ndi fumbi la simenti, kudandaula msana, koma ukawatchulira chipatala msana umapola pomwepo. Mphepo ya mwezi uno yativuta, zovala ukayanika zimauma ndi dothi lomwe. Magetsi nawo akumazima kuyambira m'mawa, moti ndabwerera ku makina anga akale opalasa ndi mwendo. Koma ntchito yosoka ilipo, madiresi a makicheni pate, maphwando aja olangiza mkwatibwi, ndi ambiri, sindikudandaula.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani pomwe timalankhulana pa foni. Pa foni mumandidula mawu, alongo, ndipo ine ndikapsa mtima ndimaiwala zomwe ndimafuna kunena. Apa simundidula. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani ndi ya laputopu ija. Mukukumbukira tsiku lija mng'ono wanga Keziah anaimba kuchokera ku Francistown kuti amayi aone khanda lake, inu mutawagwirira foni kumaso? Munandiuza nokha kuti amayi anayang'anitsitsa, nati akuona kanthu kogwedezeka basi, kenako analanda foniyo n'kuiika kukhutu kuti angomvako kulira. Keziah zinamupweteka kwambiri. Mwanayo anamupatsa dzina la amayi, Tikambenji, koma eni dzina sanamuone nkhope mpaka lero. Kumene akugwira unamwino sangamupatse tchuthi mpaka chaka chamawa, ndipo iye akuti pofika nthawi imeneyo ng'ala ya amayi ija idzakhala itaphimba maso onse awiri. N'chifukwa chake anatumiza ndalama kuti ndigule laputopu ya galasi lalikulu, mwina pamenepo amayi angaone mdzukulu wawo.

Ine ndinkayesa kugula laputopu kuli ngati kugula wailesi, uloza, ayatsa, ilira, ulipira. Ndinkadzinamiza. Nditangoitchula nkhaniyi, aliyense anasanduka katswiri. Ba Katongo anati ndigule yothamanga, ngakhale sananene kuti ikuthamangira kuti. Ba Becky, mayi wa ku Kabulonga amene ndimawasokera zovala, anatulutsa yawo m'chikwama, yopyapyala ngati mbale, nati ina iliyonse kupatula imeneyo ndi zinyalala. Ndinaigwira ndipo ndisaname, ndinaisirira. Koma galasi lake linali laling'ono, ndiponso ndinaganiza za fumbi la kwathu ndi manja a ana anu.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Ndinalowa mashopu angapo m'mbali mwa msewu wa Chachacha, ndipo konseko ogulitsa ankangondilakatulira manambala ngati akuitanira basi. Ndikafunsa kuti nambalayo ikutanthauza chiyani, ankandiuza nambala ina. Ndinatsala pang'ono kubwerera.

Kenako ndinalowa kashopu kena kopanikizika, komwe ndinapeza bambo wa imvi za m'mbali, dzina lawo ba Chisanga. Anandilonjera m'Chibemba kuti muli shani, ine n'kuyankha m'chinenero chathu. Basi anatembenukira kwa mnzawo n'kumuuza kuti abise zingwe zonse, kwabwera wakum'mawa, angapite nazo kukatchera mbewa. Mukudziwa chimbuya chathu ndi Abemba, chibale chonyozana mwanthabwala chija, ukapanda kubweza ndiye kuti wagonja. Ndinawauza kuti mtima ukhale pansi, zingwe zawo sindizifuna, zikununkha nyani wowamba. Anaseka mpaka kugwira kauntala, n'kundikokera mpando.

Funso lawo loyamba linandidabwitsa. Anafunsa kuti laputopuyo adzaigwiritsa ntchito ndani, ndipo adzakhala nayo pati, m'nyumba kapena panja. Ndinawafotokozera za amayi, za Keziah ndi za mwana. Atamvanso kuti ndine telala, anayamba kundifotokozera za m'kati mwake mwa chitelala. Anati muli kanthu kotchedwa ramu, kamene kali ngati tebulo lodulirapo nsalu, likachepa ntchito imayendabe koma umangokhalira kupindapinda. Muli posungira zinthu, ndiyo kabati. Mulinso injini yake, imene amaitcha purosesa. Zonsezi munthu amasankha yekha kukula kwake, ndipo zina akhoza kukuwonjezera pomwepo ukuona.

Ndinawapempha kuti atsegule imodzi ndione ndi maso anga. Alongo, ramu imene anthu amaitchula ndi ulemu wonse uja ndi kachidutswa kobiriwira, kutalika ngati chala changa chapakati. Ine ndinkayembekeza chinthu cholemera chofuna manja awiri. Mulinso kafani kakang'ono kopemerera injini kuti isatenthe, ndipo ndinauzidwa kuti kameneko ndi kamene kamadana ndi fumbi, choncho musamadzaiike pamphasa kapena pabedi. Ndinafunsa mafunso mpaka ba Chisanga anati akum'mawa tikanamafunsa chonchi kusukulu bwenzi mbewa zili pa mtendere.

Koma pomaliza anati za amayi sizifuna tebulo lalikulu kapena kabati yaikulu, pakuti ntchito yake ndi imodzi, kuonetsa nkhope. Chofunika ndi galasi, mawu, ndi batire. Apa m'pamene mutu unaima. Galasi lalikulu ukaliwalitsa kwambiri limadya batire msanga, ndipo sola yanu ija mumanena nokha kuti ikatchaja mafoni a mudzi wonse imakhala yafooka. Magalasinso ali mitundu iwiri, lina lonyezimira, lina losanyezimira. Ndiye anandifunsa kuti amayi amaona bwanji makamaka, kodi kuwala kumawathandiza kapena kumawalasa m'maso?

Ine mwana wawo, amene ndimaimba foni sabata iliyonse, ndinkangodziwa kuti amayi saona bwino. Mmene amaonera sindinkadziwa. Ndinabwerera ku Kabwata chimanjamanja.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaimba pa foni ya alamu, inu munali kudimba. Ndinawapempha amayi kuti andiuze bwinobwino zomwe amaona akatsegula maso. Poyamba anandifunsa kuti udokotala ndauyamba liti. Nditakakamira anati nditenge pulasitiki ya mchere yopanda kanthu, ndiipinde pawiri, ndiike kumaso, kuona kwawo ndi kumeneko. Anawonjeza kuti dzuwa likawala kwambiri zonse zimasanduka mkaka, bola akakhala pamthunzi wa khonde.

Mukundidziwa ine ndikamva chinthu. Ndinakhuthulira mchere wonse m'mbale, pulasitiki n'kuitsuka, n'kuiyanika. Ba Katongo anandipeza ndikuyenda pabwalo ili kumaso, nati ankadziwa kuti tsiku lina zidzafika pamenepa. Lolemba ndinatseka ntchito n'kubwerera m'tauni, pulasitiki ili m'chikwama.

"Ba mbuya, lelo mwabwela na chani futi?" anatero ba Chisanga nditaitulutsa.

Nditawauza zimene amayi ananena, anasiya kuseka. Anachotsa zonse zinali pakauntala n'kundandalika malaputopu osiyanasiyana, aang'ono ndi aakulu, odula ndi otchipa. Anatenga chithunzi cha ba Katongo m'foni yanga n'kuchiika pa onsewo kuti tiyerekeze bwino. Ine ndinapinda pulasitiki pawiri monga ndinauzidwira, n'kuyamba kuyenda kuchokera kumapeto.

Zimene ndinaona zinandiphunzitsa kuposa manambala onse aja. Pa malaputopu aang'ono, alamu anu ankaoneka ngati thumba la makala loimika. Yopyapyala ya mtundu wa ba Becky ija ndi ina yotchipitsitsa zinali chimodzimodzi, kusiyana kwake kunathera kunja kwa pulasitiki. Pa galasi lonyezimira, kuwala kochokera kukhomo la shopu kunkagwera pomwepo n'kukhala chibanga choyera pakati, nkhope osaoneka n'komwe. Losanyezimira linalibe vuto limenelo. Tinayesanso kuwonjezera kuwala mpaka kumapeto, ndipo zinasandukadi mkaka monga amayi ananenera. Titabweza pakatikati zinakhala bwino, ndipo ba Chisanga anati imeneyo ndi nkhani yabwino kwa sola yanu.

Pa yaikulu kuposa onse, yolemera ndi yosakongola, ndinatha kusiyanitsa mutu ndi mapewa, ndipo ndinazindikira kuti munthuyo wavala chipewa. Pofika apa anthu anali atadzaza pakhomo kudzaonera mayi wogula kompyuta atadziphimba kumaso. Sindinawasamale. Mayi wina wachikulire anapempha kuti ayeseko, anayang'ana kanthawi, n'kundibwezera.

Zitatero tinalowa ku zowonjezera, ndipo kumeneko ndi kumene munthu angasiye chikwama chonse. Kuli ina imene mabatani ake amayaka ngati ziphaniphani. Ndinaikhumba, koma amayi alemba chiyani? Kuli ina ya galasi lomva chala, ukangokhudza imachita zomwe wakhudzazo. Mnzawo wa ba Chisanga anaiyamikira kwambiri, akuti ndi yosavuta kwa okalamba. Ine ndinaikana nthawi yomweyo. Amayi akadzaona mwana sadzapinda manja, adzafuna kumusisita patsaya, ndipo pagalasi lotero akadzangokhudza, Keziah n'kuzimiririka. Ndinati ndikufuna galasi logontha, loti munthu aligwire mmene angafunire.

Ndinavomera kasipika kapadera, chifukwa mawu a laputopu ndi ochepa ndipo kwanuko chigayo chikalira munthu samva mnzake. Ndinavomeranso kabokosi kokokera netiweki, kamene mudzakapezere malo pawindo la kum'mawa lija foni imagwira. Batire yapadera ndinatenga, ndi chikwama chotseka bwino. Kamera ina yomangirira pamwamba ndinaikana, ya momwemo ikwana, Keziah maso ali nawo.

Ndinali nditatsala pang'ono kulipira pamene ba Chisanga anati chithunzi sichigwedezeka, koma mwana amagwedezeka, bwanji tiyese zenizeni. Mwamwayi Keziah tsikulo sanali ku ntchito. Analumikiza laputopu yaikulu ija, ndipo posakhalitsa ndinamva mawu a mng'ono wanga m'kasipika, omveka ngati ali m'shopu momwemo. Atandiona ndi pulasitiki kumaso anaseka mpaka kutsokomola. Nditamuuza chifukwa chake anapita kukatenga mwana.

Ndikuuzeni ndendende zimene ndinaona, chifukwa ndi zimene amayi adzaone. Ndinaona chinthu chozungulira chofiirira, pansi pake choyera chimene ndinaganiza kuti ndi shawelo. Ndinamuuza Keziah amuyandikizitse. Pamenepo ndinaona madontho awiri akuda, ndi lina pansi pake lomatseguka ndi kutsekeka. Kamkono kanadutsa. Zinaposa za pa foni kutalitali, munthu akhoza kulumbira kuti uyu ndi mwana. Mtima wanga unayamba kukhala pansi, ndinati ndalama za Keziah sizinapite pachabe.

Kenako Keziah anati, "Akulu, taonani, akukusekererani."

Ndinayang'ana, alongo. Ndinatong'ola maso mpaka kuwawa. Kumwetulirako sindinakuone. Sindikudziwa kuti dzanja langa linachita liti, ndinangozindikira pulasitiki ili pansi, ndipo patsogolo panga pali kamwana konenepa, nkhama zili poyera, maso ali pa ine, dovu likutsikira pachibwano. Ndinalira pamaso pa anthu onse aja. Mbemba uja, amene sanandisiyepo mpata chilowereni m'shopu mwake, anangoyang'ana kumbali n'kuyamba kupukuta kauntala yoyera kale.

Mu minibasi pobwerera ndinkangoganiza chinthu chimodzi. Ine sindinapirire ngakhale kanthawi kochepa, ndinaichotsa. Amayi akhala m'menemo zaka ziwiri, ndipo yawo sichoka ndi dzanja.

Laputopu ndinagula, ili pano pamwamba pa kabati, ba Katongo ndawaletsa kuyandikira. Ndidzabwera nayo ndekha kumapeto kwa mwezi ndikamaliza madiresi a anthu. Ndi yabwino ndipo ndikukhulupirira kuti ndinasankha bwino. Koma ndakhala ndikufunsa za ramu ndi magalasi sabata yonse, ndipo chomwe ndapeza n'chakuti m'tauni yonse ya Lusaka mulibe galasi loti lingaonetse amayi kumwetulira kwa mwana ameneyu.

Tsopano ndifike pamene timakanganirana pa foni. Adokotala a maso atanena kuti ng'ala imachotsedwa, amayi anakana, akuti maso anabadwa nawo sakhudzidwa ndi mpeni. Inu munati tiwasiye, akula, tisawavutitse. Sindikukunenani. Ndinu amene mumawagwira dzanja popita kutchalitchi, ndinu mumawachotsera miyala panjira, ife kuno timangotumiza moni. Ndikudziwa kuti mumaopa kuti china chikalakwika anthu adzaloza inu. Inenso ndimaopa. Koma Keziah, amene amaziona kuntchito kwake, akuti ndi ntchito yaifupi, amachita diso limodzi kaye, ndipo agogo okalamba kuposa amayi amabwerera kwawo akuyenda okha. Ba Katongo avomera kale kuti ngati n'kofunika amayi adzakhale kuno mpaka atachira.

Ine ndikawauza amayi, amati za m'tauni zandilowa m'mutu. Keziah akawauza, amati ndi mwana. Koma inu mukalankhula amamva, chifukwa chimwalirire atate mawu a pakhomo ndi anu.

Pempho langa ndi limodzi. Pulasitiki ija ndaipinda m'kalata muno, mwina yagwa kale pamiyendo panu potsegula. Musaitaye. Muipinde pawiri, muiike kumaso, muitane Peggy aime patsogolo panu, mumuuze aseke. Muyese kukhala choncho mpaka pamene mungathe. Mukatero, ngati mudzaonabe kuti tiwasiye, ine ndidzatseka pakamwa ndipo sindidzaitchulanso nkhaniyi. Koma ngati dzanja lanu lidzachita zomwe linachita langa, mukakhale nawo amayi pakhonde paja mulankhule nawo ine ndisanafike.

Mundiperekere moni kwa alamu anga amake Peggy, muwathokoze powabwereka amayi foni Lamulungu lija. Moni kwa Peggy ndi ang'ono ake, muwauze kuti laputopu si yoonera mafilimu, azakhali awo ndikadzamva ndidzakwiya. Moni kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa azakhali a kutsidya kwa dambo. Ba Katongo akupereka moni kwa nonse, makamaka kwa apongozi awo.

Amayi muwauze kuti mchere sunatayike, ndinausunga m'mbale. Adzakufunsani kuti mwanayo wafanana ndi yani, chifukwa akudziwa kuti ndamuona. Ndamuonadi, ndipo nditangomuona ndinadziwa, Keziah nayenso akudziwa. Koma tagwirizana kuti sitinena, kwa inu kapena kwa wina aliyense. Ana athu onse, anu ndi anga, amene ananena kuti uyu watengera uje anali amayi, atamuyang'ana okha kumaso. Uyunso tiwadikira.

Ndine mlongo wanu,
Rhoda